Manja Amene Amasambitsa Makolo Athu



Ena mwa ife tatha kubwera ku Misa m'mawa uno chifukwa chakuti wina watsala kunyumba. Ife tisananyamuke, iye anali atatereka kale madzi, wasambitsa agogo ndi kuchotsa zofunda zonyowa. Pamene tikuimba muno, iye akuwamwetsa phala pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Kawirikawiri amakhala mayi kapena mtsikana wochokera kumudzi, amene tinamupeza kudzera mwa azakhali kapena mnzathu wa kuntchito. Pomutchula timangoti "anti a kunyumba" kapena "mtsikana uja". Lero tiyeni tilingalire za iye, za agogo amene akuwasamalira, ndiponso za ife amene taima pakati pa awiriwa.

Kumudzi nkhalamba inkasamalidwa ndi manja ambiri. Mwana wamkazi ankaphika, mdzukulu ankatunga madzi, oyandikana nawo ankadutsa n'kupereka moni. M'tauni sizili choncho. Bambo ndi mayi onse amalawirira kuntchito kapena kugeni, ana ali kusukulu, mlongo wina ali ku Johannesburg ndipo amathandiza potumiza ndalama. Amayi akadwala sitiroko kumudzi timawatenga kuti akhale pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth kapena cha Kamuzu Central, ndipo akatulutsidwa amafikira m'nyumba imene imakhala yopanda munthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi tinalipo anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi 5 mwa anthu 100 alionse anali a zaka 60 kapena kuposerapo. Amenewa ndi anthu oposa 800,000, ndipo ena mwa iwo akugona m'zipinda zathu.

Funso ndi ili: tikamulipira munthu kuti asamale kholo lathu, kodi tapereka chiyani m'manja mwake, nanga m'manja mwathu mwatsala chiyani?

Alipo ena amene amadziimba mlandu chifukwa cholemba munthu ntchito yotere, ngati kuti ataya kholo lawo. Sanalitaye. Lamulo lachinayi limatiuza kuti tizilemekeza bambo ndi mayi, koma silinena kuti beseni aligwire ndani. Mwana amene akukhetsa thukuta kuti mankhwala ndi matewera zipezeke akulemekeza kholo lake. Komabe chimene tingatume wina ndi ntchito yokha. Udindo sutumidwa. Ngati amayi achita zilonda pamsana chifukwa chogonera mbali imodzi, woyamba kuyankha ndi mwana wawo. Ndipo tikalemba wosamalira, udindo wathu umawonjezeka, chifukwa tsopano m'nyumba muli anthu awiri odalira ife.

Anthu awiri opanda mphamvu

Woyamba ndi agogo. Sangathawe, mwina sangakweze mawu, ndipo akadandaula timafulumira kunena kuti ndi ukalamba. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 alionse a zaka 60 kapena kuposerapo amachitiridwa nkhanza ya mtundu wina pa chaka, ali m'makomo ndi m'madera awo. Nkhanza si kumenya kokha. Kukalipira munthu ngati mwana, kumusiya m'mkodzo tsiku lonse, kumumana chakudya kuti asamapite kuchimbudzi pafupipafupi, kumutsekera m'chipinda kukabwera alendo, kumudyera penshoni, zonsezi ndi nkhanza. Tinene chilungamo: zambiri mwa izi sachita ndi alendo, amachita ndi achibale enieni.

Wachiwiri ndi wosamalira. Amagona m'nyumba ya eni, amadya zimene apatsidwa, ndipo abale ake ali kutali. Kanthu kakasowa, maso onse amayang'ana iye. Bambo a m'nyumbamo kapena mnyamata wawo akayamba kumugogodera usiku, amasowa womuuza, poti amene angamudandaulire ndi yemwenso amamulipira. Agogo akagwa kapena akamwalira ali m'manja mwake, amaopa kuti mlandu ugwera iye.

Awiriwa amakhala okhaokha tsiku lonse, mpanda uli chitsekere. Aliyense angathe kumupweteka mnzake popanda mboni. Koma amene amasankha malipiro, maola, chakudya ndi malamulo a panyumba ndi ife achibale. Mphamvu zili kwa ife, choncho mbali yaikulu ya mlandu ilinso kwa ife.

"Ali ngati mwana wathu"

Mawu awa timawakonda, ndipo m'makomo ena ndi oona. Koma nthawi zina amakhala chophimbira. Mwana wa m'nyumba salandira malipiro, alibe maola, ndipo sapempha tchuthi. Tikamutcha wantchito mwana wathu pofuna kuti asafunse za zinthu zimenezi, tamulanda ufulu wa wantchito popanda kumupatsa ufulu wa mwana. Njira yodziyesera ndi yapafupi. Kodi akadwala timamutengera kuchipatala chimene timatengerako ana athu? Kodi amadya ndiwo zimene ana athu akudya?

Lamulo la za ntchito la 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, wantchito azipuma tsiku limodzi pa sabata, ndipo wogwira masiku 6 pa sabata azilandira tchuthi cholipidwa cha masiku 18 pa chaka. Boma limalengezanso malipiro otsikitsitsa a anthu ogwira ntchito za m'nyumba, ndipo aliyense angathe kukafunsa ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lake. Tsopano tiyerekeze ndi zimene zimachitika. Munthu wogonera pabedi amafunika kumutembenuza pafupifupi maola awiri alionse, usana ndi usiku, kuti asachite zilonda. Amene wadzuka katatu usiku ndi yemweyo amene timafuna kuti m'mawa akolope, achape zovala za banja lonse, aphikire anthu 8 ndi kukatenga ana kusukulu. Tinamulemba ntchito imodzi, koma tamusenzetsa zitatu.

Apa ndi pamene chilungamo kwa wantchito chimakumana ndi chitetezo cha agogo. Munthu wosagona amaiwala mankhwala. Munthu wanjala amakwiya msanga. Munthu amene sanalipidwe miyezi iwiri, pamene mwana wake wathamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi, sangakhale ndi manja odekha. Sitikunena kuti wotopa ali ndi ufulu wozunza nkhalamba. Tikunena kuti chilichonse chimene timamumana wosamalira chimakathera pathupi pa kholo lathu.

Wina anena kuti: "Zonsezi n'zabwino, koma ndalama kulibe. Zinthu zakwera mtengo, ndipo malipiro anga omwe sakwanira." Dandaulo limeneli n'loona ndipo sitingalinyoze. Koma ngati ndalama zili zochepa, ntchito nayonso ichepe. Wosamalira agwire masana, achibale azisinthana usiku. Loweruka ndi Lamulungu ana atenge udindo. Amene ali kutali asonkhe molongosoka mwezi ndi mwezi, osati pokhapokha akakumbutsidwa. Mutu umodzi susenza denga. Chimene sitingachite ndi kutseka mpata wa ndalama ndi tulo ta munthu wosauka kuposa ife. Sitingathenso kuutseka potenga kamtsikana kakusukulu kumudzi. Mwana sanganyamule munthu wamkulu pabedi, ndipo sayenera kusenza mantha a kuona munthu akukomoka ali yekha.

Kulemba si kukayikira

Pachikhalidwe chathu timachita manyazi kukambirana zinthu momveka. Timaona ngati kulemba mgwirizano kapena kuwerengetsa ndalama ndi kumuyesa munthu wakuba. Ndiye poyamba timakhulupirirana popanda kufunsa kanthu, kenako tsiku limodzi K20,000 ikasowa, chikhulupiriro chonse chimagwa ndipo timamutsegulira chikwama pamaso pa ana. Chopweteka kwambiri n'chiti, kulemba kope tsiku loyamba kapena kusecha munthu pakatha chaka?

Kukhulupirirana kumakula bwino pamene zinthu zili poyera. Tsiku loyamba tikhale pansi ndi kulemba ntchito zimene wosamalira azigwira, zimene sazigwira, malipiro, tsiku lolandira ndi tsiku lopuma. Tione chiphaso chake cha unzika, tidziwe kwawo ndi m'bale amene tingamuimbire. Nawonso abale ake adziwe kumene mwana wawo akukhala ndi nambala yathu. Kudziwana kuyende mbali zonse ziwiri.

Pakhale kope la mankhwala, lolembamo dzina la mankhwala, nthawi yomwera, ndi chizindikiro chosonyeza kuti amwa. Kopeli lizikhala pamodzi ndi buku la kuchipatala. Limateteza agogo kuti asamwe mankhwala a BP kawiri chifukwa mwana wawo wafika madzulo osadziwa kuti amwa kale, ndipo limateteza wosamalira dokotala akafunsa. Pakhalenso kope la ndalama za pamsika. Nambala yachinsinsi ya Mpamba, Airtel Money kapena khadi la kubanki ikhale ndi agogo eni ake, kapena ndi mwana mmodzi amene iwo asankha, ndipo mwanayo azionetsa abale ake mmene ndalama zayendera. Kumupatsa wosamalira nambalayi ndi kumuika pamalo pamene tsiku lina adzanamiziridwa. Agogo akamupatsa mphatso, kaya chitenje kaya ndalama, azinena kwa banja tsiku lomwelo, ndipo banja lisachite nsanje.

Wopereka malangizo akhale mmodzi. Wosamalira amasokonezeka mlongo wa ku Area 25 akanena kuti agogo asadye mchere, wa ku Johannesburg n'kuimba foni kuti awapatse chilichonse chimene akufuna. Abale agwirizane kaye okha. Amene aika makamera m'nyumba anene poyera, ndipo kamera isaloze kubafa kapena kumene wosamalira amagona ndi kuvalira. Zithunzi za agogo ali odwala kapena osavala bwino zisapite pa WhatsApp kapena Facebook, ndipo lamuloli ndi la adzukulu omwe.

Tisaiwale kuphunzitsa. Ambiri amene timawalemba sanapiteko kusukulu ya unamwino, koma timayembekezera kuti adziwe zonse. Tipite nawo kuchipatala kuti amve okha malangizo a anamwino. Aone mmene amanyamulira wodwala popanda kudzipweteka msana. Tiwagulire magolovesi ndi sopo. Adziwe kuti kukamwa kukapotoka, dzanja likafooka mwadzidzidzi kapena mawu akayamba kusamveka, ndi nthawi yothamangira kuchipatala osadikira madzulo. Adziwe kuti wodwala shuga amene wabaya insulin kapena wamwa mankhwala koma sanadye angathe kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka, ndipo ngati akutha kumeza apatsidwe chotsekemera msanga. Adziwe kuti mbaula ya makala m'chipinda chotseka imapha mwakachetechete, ngakhale kuzizire bwanji mu June. M'nyumba muzikhala ndalama ya galimoto ya mwadzidzidzi, mayunitsi m'foni, ndi manambala awiri olembedwa pakhoma.

Agogo nawonso ali ndi mawu

Pokonza zonsezi n'zosavuta kuiwala mwini nkhani. Timalowa m'chipinda n'kufunsa wosamalira kuti "Adya?" pamene agogo ali pomwepo, akumva. Munthu amene analera ana 7, amene ankaweruza milandu ya pabanja, wasanduka katundu wokambidwa. Ulemu umayamba ndi zinthu zazing'ono: kunena "odi" polowa, kuwafunsa iwo eni mmene agonera, kutseka chitseko posambitsa, kufunditsa mbali imene simukusambitsa, kuwauza chimene mukufuna kuchita musanawagwire. Agogo aamuna akakana kusambitsidwa ndi mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wawo, si mwano. Ana awo aamuna aimirire. Agogo afunsidwenso ngati akugwirizana ndi munthu amene tamusankha, chifukwa thupi limene ligwiridwe ndi lawo.

Koma tisabise mbali inayo. Okalamba ena amatukwana, amatsina, amalavulira, ndipo amanamizira wosamalira kuba. Nthawi zina ndi khalidwe lawo lakale, ndipo ana ayenera kuwadzudzula mwaulemu m'malo momuuza wantchito kuti angopirira. Nthawi zina ndi matenda a muubongo oiwalitsa, monga aja amene dokotala wa ku Germany Alois Alzheimer anawafotokoza mu 1906. Wodwala amabisa ndalama pansi pa matiresi, n'kuiwala, n'kunena kuti zabedwa. Amaiwala kuti wadya ndipo amauza alendo kuti akumumana chakudya. Amadzuka usiku n'kutuluka panja, mwina osavala, akufunafuna kwawo kwa kale.

Kuno kwathu chizindikiro chomalizachi n'choopsa, chifukwa anthu amathamangira kunena za ufiti. Mu 2016 anthu anayi okalamba anaphedwa ku Neno atanamiziridwa ufiti. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Banja limufotokozere wosamalira kuti awa ndi matenda, kuti asaope ndiponso kuti asakafalitse mphekesera kumpopi. Oyandikana nawo auzidwenso, kuti akaona agogo panjira awabweze kunyumba.

Pano pali funso lovuta. Kodi n'kololedwa kumuchepetsera munthu ufulu pofuna kumuteteza? Yankho langa ndi lakuti inde, koma pang'ono pokha pamene pakufunika, ndipo chifukwa chake chikhale ubwino wa iye, osati mpumulo wathu. Kukhoma geti usiku ndi kuika pepala la nambala ya foni m'thumba la agogo ndi chitetezo. Kuwamangirira pampando, kuwakhomera m'chipinda tsiku lonse kapena kuwamwetsa mankhwala ogonetsa amene dokotala sanalembe ndi nkhanza, ngakhale wochitayo akhale mwana wawo wowakonda.

Kwa inu amene mumagwira ntchitoyi

Ena mwa inu muli muno, ndipo ena kapepalaka kakupezani kunyumba. Ntchito yanu ndi yolemekezeka, ndipo mwapatsidwa zinthu ziwiri zimene munthu sapereka wamba: thupi lake ndi zinsinsi za nyumba yake. Zimene mwaona kuchipinda zisatuluke pageti. Musabweretse alendo eni nyumba osadziwa. Musawamwetse agogo mankhwala alionse, a m'sitolo kapena azitsamba, popanda banja kudziwa. Mukamva mkwiyo ukukwera, onetsetsani kuti agogo ali pabwino, tulukani panja pang'ono, ndipo madzulo muwauze achibale kuti mwatopa. Agogo akagwa, nenani nthawi yomweyo ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifukwa fupa la m'chiuno la nkhalamba limathyoka mosavuta ndipo kuvulala kwa m'mutu kumatha kuonekera patapita masiku. Wina akakugwirani thupi kapena kukumenyani, muli ndi ufulu wokana ndi wokanena kupolisi, ku nthambi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit.

Ife achibale tili ndi mbali pa zimenezi. Wosamalira akanena zoona n'kulandira chipongwe, kugwa kotsatira sitidzakumva. Nyumba yotetezeka ndi imene munthu angathe kunena kuti "ndalakwitsa" popanda kuopa kugona panja.

Zinthu zikalakwika

Mukaona chotupa kapena mikwingwirima pathupi la agogo, musathamangire kuweruza ndipo musanyalanyaze. Khungu la nkhalamba silichedwa kuvulala, makamaka ngati akumwa mankhwala monga asipirini. Funsani aliyense payekha, modekha. Koma mabala akamabwerezabwereza, agogo akamanjenjemera munthu wina akalowa, kapena akamaonda chakudya chilipo, chitanipo kanthu tsiku lomwelo. Pitani nawo kuchipatala, ndipo ngati pali nkhanza kanenedwe kupolisi kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, ndipo kuzunza nkhalamba si nkhani yothera m'banja, ngakhale wozunzayo akhale m'bale wathu. Ngati ntchito yatha, kaya pa mkangano kaya agogo atisiya, wosamalira alandire zake zonse ndi ndalama yokwerera, ndipo asatulutsidwe usiku. Pamaliro tizikumbukira kuti amene wasambitsa munthu zaka zitatu nayenso ndi wofedwa.

Abale ndi alongo, akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mulungu akatipatsa masiku, ambiri mwa ife tidzagona pabedi limenelo, tikudikira mapazi a munthu wosakhala m'bale wathu. Ana athu akuona lero mmene timalankhulira ndi agogo ndi mmene timalipirira anti, ndipo adzatengera zomwezo.

Amphakati mukapita kukazonda odwala, mupereke moni kwa wosamalira, mumufunse dzina lake ndi mmene akupezera. Mwina mungakhale ndi agogo maola awiri kuti iye akaone abale ake. Ifenso tikafika kunyumba masana ano, tiyambe talowa kwa agogo ndi kuwafunsa iwo eni mmene aswerera. Kenako timufunse wosamalira kuti anapita liti komaliza kutchalitchi kapena kumzikiti kwawo. Akati papita miyezi, tigwirizane lero lomwe kuti sabata ya mawa atsale kunyumba ndani.